Tifunseni za Geni: firiza ya sola, usipa wa nthawi ya mvula ndi mpunga wa pa WhatsApp

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Salima, makamaka m'mbali mwa nyanja, ndipo pafupifupi onse akufunsa za zipangizo: sola, foni, makina. Ena tawafupikitsa ndipo mayina tawasunga. Za mitengo ya katundu sitilowamo kwambiri chifukwa kwacha ya masiku ano sikhala malo amodzi. Manambala a magetsi, kutentha ndi kulemera ndiwo mungawadalire chaka chino ndi chamawa.

FUNSO: Ndili ndi okala ku Senga Bay, kumalo komwe mawaya a magetsi sanafike. Ndinagula firiza ya malita 200, panelo ya mawati 150, batire la galimoto ndi inveta kuti ndizigulitsa mafirizi, zakumwa zozizira ndi chambo chachiwisi. Masana imagwira, koma ikamakwana 9 koloko usiku inveta imayamba kulira n'kuzima. Batire lafa patangotha miyezi inayi. Kodi anandigulitsa zachinyengo? (Mayi wa okala, Senga Bay)

YANKHO: Mayi, n'kutheka kuti palibe anakuberani. Chipangizo chilichonse pachokha chikhoza kukhala chabwino, koma mwamanga mbuzi pa ngolo ya ng'ombe. Tiwerengere limodzi.

Firiza ya malita 200 pa kutentha kwa kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, imadya magetsi a pakati pa 1,000 ndi 1,500 Wh pa tsiku (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Imafika kumtundako ngati tsiku lililonse mukuikamo madzi ofunda kuti aume, chivindikironso chikumatsekulidwa pafupipafupi. Titenge 1,500. Inveta, yomwe imasandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, nayo imadyako gawo lake, choncho tinene 1,750. Tsopano panelo. Dzuwa lamphamvu lenileni timaliwerengera maola 5 pa tsiku, ndipo pa mawati olembedwa kumbuyo kwa panelo mumakolola pafupifupi magawo 7 mwa 10, enawo amathera m'kutentha, fumbi ndi mawaya. Ndiye 150 kuchulukitsa ndi 5, kuchulukitsanso ndi 0.7, tikupeza 525 Wh. Firiza ikufuna 1,750, inu mukuipatsa 525. Zotsalazo yakhala ikukongola kwa batire tsiku ndi tsiku osabweza. Kuti ikhute pakufunika mapanelo a mawati 500, ndipo ife tingati gulani a 550 kapena 600 poganizira masiku a mitambo.

Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa polizira injini, kenako lidzadzidwe pomwepo. Kulikama usiku wonse n'kulipha. Mukufunika batire la sola, lija amalemba kuti deep cycle, ndipo nalonso musalimwe kupitirira theka. Usiku firiza yanu imafuna pafupifupi 1,000 Wh. Mabatire awiri a gel a 100Ah olumikizidwa kuti apereke 24V amasunga 2,400 Wh, theka lake ndi 1,200, ndiye akukwanira. Batire la lithium, lolembedwa LiFePO4, la 50Ah pa 24V limasunga 1,280 Wh ndipo mungatengemo magawo 8 kapena 9 mwa 10 popanda kulipweteka. N'lodula pogula, koma limakhalitsa zaka zambiri kuposa la gel. Lililonse mwa awa likhale pamthunzi podutsa mphepo. Batire la gel losiyidwa m'kachipinda ka malata kotentha ngati uvuni limatha msanga kwambiri.

Tikunena 24V chifukwa mawati 600 pa 12V ndi ma amp 50, omwe amafuna mawaya onenepa ndi kontirola (kabokosi koyang'anira magetsi ochoka ku panelo kupita ku batire) yaikulu, pomwe pa 24V ndi ma amp 25 okha, ndipo kontirola ya MPPT ya 30A imakwanitsa. Inveta ikhale ya 24V yolembedwa pure sine wave, ya mawati 1,000 kapena kuposa, chifukwa kompuresa ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa pomwe ikungoyenda. Waya wochoka ku batire kupita ku inveta akhale wa kopa weniweni wa 16 mm², osapitirira mita imodzi ndi theka, ndipo pakhale fyuzi pafupi ndi batire. Mukagwira waya n'kumva kuti watentha, dziwani kuti n'ngochepa. Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo azipukutidwa sabata iliyonse nyengo ya fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pakona ya panelo umagwetsa mphamvu kuposa momwe maso angaganizire.

Pali njira ina yopepuzira batire yomwe sifuna ndalama. Ikani pansi pa firiza mabotolo 10 kapena 15 a malita awiri, odzaza madzi koma osafika kukamwa. Masana, magetsi ali ambiri, aume gwa. Usiku ayeziyo ndi amene amasunga kuzizira, kompuresa n'kumadzuka mwa apo ndi apo. Zimathandiza kwambiri pa zakumwa. Koma chambo chomwe mukufuna kusunga masiku angapo chiyenera kukhala chouma gwa nthawi zonse, ndiye musamazimitse firiza usiku chifukwa cha mabotolowo. Komanso nsomba ndi mafirizi a ana asukulu zisagone m'firiza imodzi. Fungo limalowa, ndipo madzi a nsomba akadonthera pa timapepala tomwe ana amaluma ndi mano, mwawatsekula m'mimba.

Mukadzafuna firiza ina, funsani za mafiriza a DC omwe amalumikizidwa ku batire popanda inveta. Amadya magetsi ochepa. Alipo makampani a sola omwe amapereka katundu wolipira pang'onopang'ono kudzera pafoni. Musanasaine, chulukitsani ndalama ya pamwezi ndi miyezi yonse, muwonjezere yoyamba ija, muyerekeze ndi mtengo wa kashi, ndipo mufunse kuti batire likafa m'chaka chachiwiri agula ndani. Tikudziwa kuti n'zoseketsa kuwerengera mawati 600 m'boma lomwe lili ndi munda wa sola wa mamegawati 60 ku Nanjoka kuyambira 2021, koma magetsi amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo komwe waya sanafike aliyense ndi ESCOM ya yekha.

FUNSO: Munthu anatenga katundu wa K46,000 m'golosale yanga pa Kamuzu Road, n'kuonetsa mnyamata wanga uthenga pafoni kuti watumiza. Pafoni ya m'sitolo unalowanso uthenga. Madzulo poona, ndalama mulibe. Ogulitsa anga ndiwauze chiyani? (Bambo wa golosale, Salima boma)

YANKHO: Auzeni kuti uthenga si ndalama. Wakubayo amakopera mawu a uthenga weniweni, amasintha ndalama ndi nthawi, n'kutumiza kuchokera pa nambala wamba ali chiimire pakauntala panu. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani ndipo umagwera pamzere umodzi ndi mauthenga akale a ndalama. Wabodza kawirikawiri umaima paokha, pamwamba pake pali nambala ya foni. Koma m'sitolo modzaza anthu palibe amayang'ana zimenezo, ndiye lamulo likhale limodzi: katundu sachoka pakauntala mpaka wogulitsa ataona yekha kuti ndalama za mu akaunti zakwera. Pa Airtel Money ndi *211#, pa Mpamba ndi *444#. Sizitha mphindi imodzi. Wogula akayamba kupsa mtima kuti minibasi ikumusiya, pamenepo ndiye pofunika kudekha kwambiri.

Mchimwene wake wa chinyengo chimenechi ndi uja woimba foni akulira kuti watumiza kwa inu molakwika, mumubwezere. Musabweze nokha ngakhale ndalamazo zitalowadi. Muuzeni aimbe ku kampani, iwo ali ndi njira yawo yobwezera. Ndipo aliyense wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani n'kupempha PIN, kapena kukuuzani manambala oti mudinde, ndi wakuba.

Kuti zisamavute, tsegulitsani nambala ya malonda, ija ogula amalipirapo katundu, yosiyana ndi nambala yanu ya kunyumba. Ndalama za geni sizisakanikirana ndi za ndiwo, ndipo pakutha pa mwezi mumakhala ndi mndandanda wa zonse zomwe zalowa, womwe obwereketsa ndalama amaukhulupirira kuposa mawu apakamwa. Simu khadi ya sitolo ikhale yolembetsedwa pa chiphaso chanu cha unzika, osati cha mnyamata wogulitsa, chifukwa tsiku lomwe adzachoke adzapita nayo mwalamulo. Za K46,000 zija, pitani ku polisi ndi ku ofesi ya kampani ya foni ndi nambala yomwe inatumiza uthengawo, tsiku ndi nthawi. Musaufufute.

FUNSO: Ndife amayi 18 ogula usipa pa doko lina kufupi ndi Lifuwu. Mvula ikayamba usipa umatiwolera pa thandala, wina umachita mphutsi, timagulitsa motaya. Tamva za matenti owumitsira nsomba ndi dzuwa. Timange bwanji, ndipo ndalama yake imabwerera? (Mlembi wa gulu, Lifuwu)

YANKHO: Amayi, matenti amenewa si nkhambakamwa. Akatswiri a ku Chancellor College ndi a nthambi ya za usodzi anayamba kuwayesa m'madoko a Salima ndi Mangochi cha m'ma 2015. Ndi nyumba ya mitengo kapena zitsulo yokutidwa ndi pepala la pulasitiki loonekera. Dzuwa limalowa, mpweya wa m'kati umatentha, umanyamula chinyezi cha nsomba n'kutuluka nacho pamwamba pomwe wina ukulowa pansi. Mvula, ntchentche, mchenga, amphaka ndi akhwangwala zimatsala kunja.

Poyamba musamange chinyumba. Mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, zipupa za mamita 2 ndi denga lofika mamita 3 pakati, n'zokwanira kuphunzirirapo. Pepala likhale lija la greenhouse, la 200 micron, lotetezedwa ku dzuwa, lolembedwa UV. Pepala wamba lofolerera nyumba limauma n'kuyamba kung'ambika pa miyezi yochepa, ndipo apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera pofuna kupulumutsa ndalama. Pansi pa zipupa ziwiri zazitali siyani mpata wa masentimita 30 mpaka 40, pamwamba pa denga mpata wina, ndipo mipata yonseyi mutseke ndi sefa yoti ntchentche isadutse. Chitseko nachonso chikhale ndi sefa. Mathandala a m'kati akhale a mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati, okwera masentimita 90, oyalidwa neti ya pulasitiki osati waya, chifukwa waya amachita dzimbiri n'kudetsa nsomba. Pansi pakhale simenti kapena miyala. Mitengo muipake mankhwala a chiswe isanalowe m'nthaka, koma mankhwalawo asafike pomwe pakhale nsomba.

Mdani wamkulu wa tenti si mvula, ndi mwera. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti umawomba kuchokera kummwera chakummawa, ndipo pepala lokhomedwa ndi misomali yokha umalizula ngati tsamba la nthochi. Lozetsani mbali yopapatiza komwe mwera umachokera, kokani pepala likhale lolimba, ndipo mulipanikize ndi timatabwa topyapyala, misomali idutse pa timatabwato.

Mu tenti ya kukula kumeneku mumalowa mathandala awiri a mamita 5 ndi theka, kutanthauza masikweya mita 11. Usipa umayalidwa umodziumodzi osasanjikizana, pafupifupi makilogalamu 4 kapena 5 pa sikweya mita, ndiye ulendo umodzi ndi makilogalamu pafupifupi 50, ndipo mukaika mathandala ena awiri pamwamba pa amenewa mumawirikiza. Muutsuke ndi madzi oyera, ukhe kaye, ndiye muuyale. Zolakwika zomwe zimabwerezedwa ndi zitatu. China n'kutseka mipata ija poganiza kuti kukatentha kwambiri ndiye kuuma msanga: chinyezi chimasowa potulukira, chimadontha kuchokera padenga, usipa umaphikika n'kufewa. China n'kuunjika pofuna kuti wa aliyense ulowe. Chachitatu n'kulowetsa usipa womwe wagona kale m'bwato maola ambiri. Tenti siukitsa nsomba yomwe yayamba kuwonongeka. Dziwaninso kuti tsiku la mitambo kuuma kumachedwa, kumatha kutenga masiku awiri kapena atatu. Phindu lake pamenepo n'lakuti usipa sunyowanso ndipo mphutsi sizilowa. Tsiku lomwe asodzi apha wambiri, wotsala muzifutsabe kapena kukazinga monga mwa kale.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe lili ndi mano. Musanagule ngakhale msomali, tengani kope. Kwa mwezi wathunthu wa mvula lembani zigoba zomwe gulu lagula, zomwe zawonongeka, ndi zomwe zagulitsidwa motaya. Chulukitsani ndi miyezi inayi, Disembala mpaka Malichi. Imeneyo ndi ndalama yomwe tenti ingakupulumutsireni pa chaka. Ngati mtengo womangira ukuposa zotayika za zaka ziwiri, ndiye kuti kupulumutsa kokha sikungaibweze, pafunika msika wolipira bwino.

Ndipo msikawo suli pa doko. Wogula wa pa doko amayeza ndi chigoba, ndipo usipa woyera wopanda mchenga amaugula mtengo womwewo wa wamchenga. Makilogalamu 10 a usipa wauwisi amatsala pafupifupi 3 ukauma, ndiye muyenera kudziwa mtengo wa kilogalamu youma musanatchule mtengo kwa aliyense. Gulani sikelo ya batire ndi kamakina komatira mapepala, muzilongedza magalamu 100 kapena 200, ndi kapepala ka dzina la gulu, nambala ya foni ndi tsiku lowumitsa. Usipa uzizire kaye musanamate, apo ayi umachita thukuta m'paketi n'kuyamba chuku. Woumadi umathyoka mukaupinda. Yambani ndi malo ogona alendo a ku Senga Bay ndi anthu a m'maofesi ku Lilongwe. Masitolo akuluakulu adzafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo oyendera awo amayang'ana madzi, chimbudzi, posamba m'manja ndi posungira, osati kukoma kokha.

Chomaliza, gwirizanani molemba: kiyi asunga ndani, ayanika ndani tsiku liti, ndipo chigoba chilichonse cholowa chilipira zingati ku thumba lokonzetsera. Pepala labwino nalonso limatha pakapita zaka zingapo. Matenti ambiri omwe amaoneka atangotsala mafupa m'madoko anafa chifukwa tsiku lomwe pepala linang'ambika, panalibe ndalama ya munthu aliyense yolisokera.

FUNSO: Ndamaliza Fomu 4 ndipo kwathu timalima mpunga. Ndikufuna kumagulitsa kilombero kwa anthu a ku Lilongwe kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Ndikongole ndalama zogulira matumba 40? (Mnyamata wa kwa Maganga)

YANKHO: Ayi achimwene, osati pano. Yambani ndi matumba awiri. Njira yomwe amaphunzitsa m'malo osulira mabizinesi atsopano masiku ano ndi yoti uyese kaye ndi zochepa, uone ngati alipo wotulutsa ndalama m'thumba, ndiye ukulitse. Anthu 200 odinda chala pa chithunzi chanu pa Facebook si ogula. Wogula ndi amene watumiza ndalama.

Puntitsani matumba awiriwo ndipo muyeze pa sikelo zomwe zatuluka. Thumba la makilogalamu 50 la mpunga wosapuntha limapereka makilogalamu 30 mpaka 33, ndipo mwa amenewo wina ndi wosweka womwe wa m'tauni saufuna. Phatikizani zonse: mtengo wa mpungawo ngakhale uli wa kumunda kwanu, chigayo, kabaza, mapepala, minibasi, bandulo, ndi ndalama yomwe imadulidwa potapa kwa ejenti. Gawani ndi makilogalamu a mpunga wathunthu wokha. Umenewo ndiwo mtengo wanu weniweni. Ngati wosweka wachuluka, vuto nthawi zambiri lili pa kuyanika. Mpunga wopsa ndi dzuwa la masana onse, kapena wouma n'kunyowanso ndi mame, umang'aluka m'kati mwa mankhusu ndipo pachigayo umangophwanyika. Yanikani pa lona maola ochepa m'mawa mukutembenuza, muupumitse pamthunzi, ndipo mupunthe chinyezi chili pafupifupi 14 pa 100.

Pafoni ikani WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere. Lembani mu katalogi mapaketi a makilogalamu 2, 5 ndi 10, ndi mitengo yake poyera. Wogula wofunsa mtengo n'kuuzidwa kuti abwere ku inbox amapita kwina. Zithunzi mujambule panja m'mawa, mpunga uli m'dzanja kuti maso ake aoneke. Uthenga wa broadcast, wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi, umafika kwa anthu 256 pa ulendo umodzi, koma okhawo omwe anasunga nambala yanu, choncho aliyense wogula mumupemphe aisunge. Tsegulaninso PIN ya manambala 6 yotetezera WhatsApp yanuyo, chifukwa akuba akailanda amayamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu.

Salima ndi Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndiye katundu wokwera m'mawa amafika tsiku lomwelo. Sonkhanitsani maoda mpaka Lachinayi, alipire kaye, mutumize Lachisanu ulendo umodzi kwa munthu mmodzi wodalirika yemwe ena akatengeko. Jambulani katundu ali m'minibasi, nambala ya galimoto ndi foni ya kondakitala. Mtengo muziika poyang'ana ndalama yomwe mudzagulire thumba lotsatira, osati yomwe munagulira lapitalo. Omwe anaiwala zimenezi kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 anagulitsa katundu yense bwinobwino n'kupeza kuti mpamba sukukwananso kuoda. Ndipo musayerekeze kusakaniza mpunga wa faya mu kilombero. Mayi wa ku Area 25 amadziwa ndi mphuno poto asanaphule, ndipo gulu la WhatsApp lomwe linakubweretserani ogula ndi lomwelo lidzakuimbeni mlandu. Anthu 10 akagula kachiwiri, bwerani tidzakambe za ngongole.

FUNSO: Ndinagula makina oswetsera mazira 56 oyendera batire. Ulendo woyamba anaswa 19, wachiwiri 22. Ndikulakwitsa pati? (Bambo woweta nkhuku, Khombedza)

YANKHO: Mazira omwe sanaswe ndi amene ali ndi yankho, ndiye musamawataye musanawaswe n'kuona m'kati. Dzira loyera lopanda kanthu silinali ndi mbewu, vuto ndi tambala: mmodzi akwanira misoti 8 mpaka 10, ndipo wokalamba kapena wodwala sagwira ntchito. Dzira la kamzere ka magazi kozungulira ndi la mwanapiye yemwe anafa masiku oyamba, kawirikawiri chifukwa dziralo linakhalitsa kapena linatenthedwa lisanalowe m'makina. Mwanapiye wathunthu wofera m'chigoba amaloza ku chinyezi kapena kuchepa kwa mpweya masiku omaliza. Akamaswa pa tsiku la 19 kapena 20 m'malo mwa la 21, makina akutentha kwambiri. Akamafika 22 kapena 23, akuzizira.

Kutentha kukhale madigiri 37.5 mpaka 37.8. Musakhulupirire nambala ya pagalasi la makina musanaiyese. Ikani thermometer ya kuchipatala m'kati pa msinkhu wa mazira, muone ngati zikugwirizana, chifukwa kusiyana kwa digiri imodzi n'kokwanira kukuwonongerani theka. Chinyezi chikhale 50 mpaka 55 pa 100 mpaka tsiku la 18, kenako 65 mpaka 70, ndipo kuyambira tsiku limenelo lekani kutembenuza ndipo musatsekule mpaka aswe. Mazira akhale osapitirira masiku 7 chiikire, osatsuka ndi madzi, osang'aluka, osungidwa pozizira nsonga ili pansi. Ogula mazira pa msika n'kubwera nawo pa kabaza m'dzuwa amakhala ataluza asanayatse makina. Pa tsiku la 7 unikani ndi tochi m'chipinda chamdima, muchotse opanda mitsempha.

Kuno kuli vuto lina lomwe mabuku a makinawa satchula. Makina amatha kutenthetsa koma satha kuziziritsa. M'chipinda cha malata masana a Okutobala kutentha kumafika pafupi ndi komwe mazira amafuna, ndipo m'kati mwa makina kumapitirira. Aikeni m'chipinda chozizira kwambiri cha nyumba, kutali ndi zenera. Magetsi akathima maola ochepa musatsekule, fundikani bulangete koma timabowo ta mpweya tikhale poyera. Anapiye akaswa amafuna madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, ndipo katemera wa chitopa musamuzengereze. Alangizi a ziweto a m'dera lanu akuuzani masiku ake. Ogula anapiye muwapeze mazira asanalowe, chifukwa mwanapiye wosagulidwa amadya tsiku lililonse.

FUNSO: Mnzanga akuti ChatGPT ingandilembere business plan yopemphera ndalama za mabungwe. Palinso uthenga ukuyenda woti tilipire K15,000 ya fomu kuti tilandire thandizo la achinyamata. Zoona? (Mtsikana wosoka, Chipoka)

YANKHO: Za K15,000 zo ndi kuba. Mipikisano yeniyeni ya ndalama za mabizinesi salipiritsa fomu. Mwachitsanzo, Tony Elumelu Foundation imatsegula kumayambiriro kwa chaka chilichonse, imaphunzitsa pa intaneti, ndipo osankhidwa amalandira madola 5,000, kulembetsa kwake kwaulere. Malo ngati mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub amalengeza mwayi wotere pa masamba awo. Uthenga uliwonse muziutsatira mpaka pa tsamba lenileni la bungwe lomwe latchulidwa.

ChatGPT ndi anzake, mapulogalamu a pa intaneti omwe amayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, angakuthandizeni kusanja mitu, kukonza Chingerezi, ndi kukufunsani mafunso omwe oweruza angafunse. Koma sadziwa mtengo wa mita ya nsalu ku Chipoka kapena kuchuluka kwa mayunifolomu omwe munasoka mu Seputembala, ndipo mukapanda kuwapatsa manambala amangopeka awo mosaphethira. Oweruza amawerenga mapulani mazanamazana ofanana mawu ndipo amawazindikira. Lembani nokha, ngakhale m'Chichewa, zomwe mumasoka, ogula anu, zolowa ndi zotuluka za miyezi 6, ndiye makinawo angokuthandizani kuvala bwino. Chichewa chawo chikadali chopunduka, ngakhale pa zaulimi pali Ulangizi, wa pa WhatsApp, womwe bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa mu 2024 ndipo umayankha m'Chichewa kuchokera m'buku la malangizo la unduna wa zamalimidwe. Ambiri opereka ndalama adzafunanso satifiketi ya bizinesi, yomwe masiku ano imalembetsedwa pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la MBRS, ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA. Konzeranitu, musadikire sabata yotseka.

FUNSO: Ndikufuna kugula Starlink kuti ndizigulitsa Wi-Fi pa msika. Zingatheke? (Wotchaja mafoni, Thavite)

YANKHO: Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 ndipo imagwira paliponse pomwe mbale yake ikuona thambo popanda mitengo. Koma kugulitsa intaneti kwa anthu ndi ntchito yomwe imafuna chilolezo cha MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndipo pulani ya pakhomo salola kuigulitsanso, choncho funsani kaye mbali ziwirizi musanatulutse ndalama. Werengeraninso magetsi: mbale wamba imadya mawati 50 mpaka 100 nthawi yonse yomwe yayaka, ndiye maola 12 angathe kufika 1,200 Wh, pafupifupi ngati firiza ya mayi a ku Senga Bay aja. Yaing'ono yotchedwa Mini imadya theka la amenewo kapena kuchepera. Tengani ndalama ya pamwezi, mugawe ndi 30, mugawenso ndi mtengo womwe munthu wa pa Thavite angalipire pa tsiku, muone kuti pakufunika anthu angati tsiku lililonse, kuphatikizapo masiku omwe si a msika. Kenako khalani pa benchi yanu yotchajirayo sabata imodzi, muwerenge mafoni angati mwa omwe amabwera ndi a WhatsApp, angati ndi a mabatani.